Za Kabuku ka Beccaria, ndi Cithunzi Ciri Patsogolo Pace

Alipo mabuku akuru, olemera ngati mphero, amene sanasuntha kanthu pa dziko lapansi. Tiriponso timabuku tolowa m'thumba la malaya, timene tinasowetsa mafumu tulo. Mwezi uno tifuna kuika pa muyeso kamodzi ka mtundu waciwiriwo. Kanasindikizidwa m'mzinda wa Livorno, m'dziko la Italy, caka ca 1764, ndipo dzina lace m'cinenero ca eni ace ndilo Dei delitti e delle pene, ndiko kunena kuti, Za mirandu ndi zilango. Pacikuto pace panalibe dzina la wolemba, pakuti anaopa. Koma posacedwa kunamveka kuti mwini wace ndiye Cesare Beccaria, mnyamata wa zaka 26, wa banja lomveka la ku Milan. Ambiri akatama kabukuka, ndipo kayeneradi kutamidwa. Koma ife pokawerenga tapeza kuti mphamvu yace ndi cirema cace ziphuka pa muzu umodzi, ndipo tifuna kuti awerengi athu auone muzuwo.

Tiyambe tanena za mabwalo a mirandu amene mnyamatayu anawapeza. M'maiko ambiri a ku Ulaya, kuyambira zaka za m'ma 1200, lamulo linati munthu asaweruzidwe kufa popanda cimodzi ca ziwiri izi: mboni ziwiri zoona ndi maso, kapena kubvomera kwa mwini mlandu. Lamuloli linabadwa ndi mtima wabwino, wakufuna kuchinjiriza wosalakwa kwa woweruza wopupuluma. Koma mbala siitana mboni, ndi wambanda sadikira kuti kuce. Cifukwa cace oweruza, posowa mboni, anafunafuna kubvomera. Ndipo pamene pakamwa panakana, anafunsa thupi. Anamanga munthu manja kumbuyo, namkweza ndi cingwe kudenga kufikira mapewa aguluka, mlembi ali khale pambali kulemba mau onse oturuka. Izi sizinacitika mobisa ngati zamanyazi ai. Zinali m'mabuku a malamulo, ndipo anthu ophunzira, ena a iwo ofatsa ndi oopa Mulungu, anatsutsana mosamala za muyeso wace, kuti cingwe cikwezedwe kangati, ndi ayani ayenera kulekedwa cifukwa ca ukalamba kapena pakati.

Anthu a ku Milan sanasowa kupita kutali kukafuna citsanzo. M'caka ca 1630 mliri woopsa unagwa m'mzindamo, nupha anthu zikwi zambirimbiri; ndipo monga acitira anthu ogwidwa ndi mantha, anafuna wina womloza cala. Mbiri inabuka yakuti alipo anthu opaka mafuta a imfa pa makoma ndi pa zitseko. Mmawa wina wa mwezi wa June, kuli kubvumba mvula, mkazi wina anasuzumira pazenera, naona mwamuna ali kuyenda m'mbali mwa khoma, nalikhudza ndi dzanja. Mwamunayo anali Guglielmo Piazza, wanchito wa boma woyang'anira za mliri womwewo. Anamgwira, namkweza pa cingwe, namlonjeza kuti akachula anzace adzapulumuka. Iye anachula wometa tsitsi, dzina lace Gian Giacomo Mora, amene anali kupanga mankhwala opaka ochinjiriza ku mliri. Naye Mora anazunzidwa kufikira anabvomera cimene sanacita, nachula ena. Pa 1 August onse awiri anaphedwa imfa imene sitifuna kuifotokoza pa tsamba lino. Nyumba ya Mora anaigwetsa, naimika pamalopo cipilala ca mwala, kuti mibadwo yonse ikumbuke kuipa kwace. Cipilalaco cinali ciimire pamene Beccaria anabadwa mu 1738, ndiponso pamene analemba kabuku kace.

Koma pakati pa 1630 ndi 1764 kanthu kanasandulika m'mitu ya anthu ophunzira a ku Ulaya. Isaac Newton anaonetsa mu 1687 kuti mwezi m'mlengalenga ndi mwala wakugwa pansi zimvera lamulo limodzi, limene munthu akhoza kuliwerengera. Ndipo okonda nzeru anayamba kufunsa kuti, ngati zakumwamba ziyesedwa ndi masamu, nanga maufumu, misonkho ndi ndende zilekerenji? Mwambo uli wonse anauitanira kubwalo kuti udzinenere wokha cifukwa ca kukhalapo kwace, ndipo yankho lakuti makolo anatero silinakwanenso. Montesquieu anaturutsa buku lace la malamulo a mitundu mu 1748. Diderot ndi d'Alembert anayamba kusindikiza Encyclopédie yao mu 1751. Eni ace anaicha nyengo yao nyengo ya kuunika. Ku Milan kagulu ka anyamata a mabanja olemera kanasonkhana madzulo m'nyumba ya Pietro Verri, kuwerenga mabuku a ku France ndi ku England ndi kutsutsana, kufikira mbiri inamveka m'mzinda kuti amaliza mikangano yao ndi nkhonya. Mphwace wa Pietro, Alessandro, anali ndi nchito yoyendera andende, nabwera nazo nkhani za zimene anaona. Beccaria anali munthu wamanyazi ndi wozengereza. Pietro ndiye anamsankhira mutu wa nkhani, namuumiriza kulemba, nalembanso bwino mapepala ace odzala ndi zofafaniza.

Coyamba cimene cigwira wowerenga ndico kalembedwe. Mabuku a malamulo a masiku aja anali m'Cilatini, ndipo mlembi ali yense anaunjika maina a akatswiri akale, wina pamwamba pa mnzace, kufikira funso lenileni linakwiririka pansi pao. Beccaria analemba m'Citaliyana, m'timitu tatifupi, monga munthu wolankhula ndi anzace osadziwa za m'bwalo. Misozi irimo m'kabukumo, koma siyo isenza denga. Mzati wace ndiwo masamu. Ayamba ndi lingaliro lakuti anthu, potopa ndi kukhala mwamantha, anapereka yense kagawo kakang'ono ka ufulu wace kuti adye wotsalawo mumtendere. Ndipo mphamvu yonse ya boma yakulanga ndiyo timagawo timeneti tosonkhanitsidwa pamodzi, osaposa pamenepo. Cilango sicidzutsa wakufa, sicibweza cimene cacitika kale. Nchito yace ndi kuletsa wolakwayo kubwereza, ndi kuletsa ena kumtsata. Cotero ululu uli wonse wopitirira muyeso wa nchito imeneyi uli wopanda pace, ndipo wopanda pace ndiwo nkhanza.

Ndi cida cimeneci afika pa cingwe, ndipo pano, ife tiyesa, mpamene kabukuka kaposa onse amene anatsutsa mazunzo iye asanabadwe. Sapempha woweruza kuti amve cisoni. Amuika pa mphambano ya njira ziwiri, namfunsa adzere iti. Ngati mlandu watsimikizika, kubvomera kulibe nchito. Mpatseni cilango colembedwa. Ngati sunatsimikizike, ndiye kuti muli kuzunza munthu amene lamulo lanu lomwe limuyesa wosalakwa. Kunena zoona, cingwe siciyesa coonadi, ciyesa mitsempha: wolakwa wamphamvu apirira namasulidwa, wosalakwa wofooka abvomera naphedwa. Ndipo wosalakwa ataya mbali zonse ziwiri, pakuti ngakhale apirire kufikira ammasula, walipa kale mlandu umene sanapalamula. Beccaria aseka ndi kuseka kowawa, nanena kuti nchito yotere ikadayenera wamasamu koposa woweruza, pakuti yangokhala ya kuwerengera ululu wokwanira kutsegula pakamwa pa munthu wa thupi lakuti. Pomwepo afanizira cingwe ndi mayesero akale a moto ndi madzi owira, amene makolo ao anati ndi ciweruzo ca Mulungu, ndi amene msonkhano wa Mpingo ku Rome unaletsa ansembe kuwadalitsa mu 1215. Ife amene makolo athu anadziwa mwabvi sitisowa wotimasulira fanizoli. Mwabvi unafunsa mimba, cingwe cinafunsa mapewa, ndipo monsemo cinayankha ndi thupi, osati mlandu.

Zina zimene anena tizichula mwacangu, pakuti lero zimveka ngati zodziwika kwa mwana wa sukulu, ngakhale pa masiku ace zinali zacilendo. Malamulo alembedwe momveka, m'cinenero ca anthu. Woweruza asadzipangire cilango cace. Mlandu uweruzidwe poyera, ndi woneneza asabisike. Mwana wa mfumu ndi mwana wa mlimi alangidwe cimodzimodzi. Cilango cofatsa cimene cifika msanga ndi mosalephera cioopsa koposa cilango coopsa cimene munthu ayembekeza kucizemba. Koma cimodzi cinamutengera adani. Iye analekanitsa chimo ndi mlandu. Kukula kwa chimo, anatero, kuli m'kuya kwa mtima, kumene maso a munthu safika. Bwalo la anthu liyese cokhaco cimene likhoza kuona, ndico cionongeko cimene munthu wacitira anzace. Mmonke wina, Ferdinando Facchinei, anamlembera buku lomtsutsa mu 1765, namnenera kuti ali mdani wa mipando yacifumu ndi wa maguwa a nsembe. Ndipo mu 1766 akuru a ku Rome anaika kabukuka pa mndandanda wa mabuku oletsedwa. Ife tiona kuti kulekanitsaku sikucepsa chimo ai. Kucepsa woweruza, ndi kumkumbutsa kuti iye si Mlengi. Tiyenera kubvomereza, komabe, kuti m'malo ena mau a Beccaria ali ndi nkhungu, ndipo nkhunguyo ndi yadala. Iye mwini anauza womasulira wace m'kalata kuti anakumbukira zimene zinagwera Galileo, ndi kuti anafuna kuchinjiriza anthu osataya moyo wace.

Kabukuka kanayenda mofulumira. André Morellet anakamasulira m'Cifalansa, nasanja mitu yace mwatsopano kuti ioneke ngati buku la malamulo, ndipo Voltaire analemba ndemanga yace mu 1766. Voltaire anali atangopambana nkhondo yoyeretsa dzina la Jean Calas, wamalonda wa ku Toulouse amene anathyoledwa mafupa pa gudumu mu 1762, atamnamizira kuti anapha mwana wace. Bwalo linabvomereza kusalakwa kwace mu 1765, mwini wace atafa kale. Catherine, mfumu yaikazi ya ku Russia, anatapa zambiri m'kabukuka polemba malangizo ace a malamulo atsopano mu 1767. Ku Austria analetsa kuzunza oimbidwa mlandu mu 1776. Ku France anacotsa mbali imodzi mu 1780, ndi yotsalayo mu 1788. Ndipo pa 30 November 1786 Leopold, wolamulira dziko la Tuscany, anafafaniza cilango ca imfa pamodzi ndi mazunzo m'malamulo a dziko lace. Mlembi mwini sanakhoza kusenza ulemu wonsewu. Ataitanidwa ku Paris mu 1766, kumene anzeru onse anafuna kumgwira dzanja, anagwidwa ndi mphwayi ndi kulakalaka mkazi wace, nathawira kwao patapita masabata owerengeka. Ndipo abale a Verri, amene anayesa kuti kabukuko nkao ndi theka, sanamkhululukira.

Koma tisacite ngati amene ati tambala ndiye aturutsa dzuwa. Frederick wa ku Prussia anacepetsa mazunzo m'dziko lace mu 1740, Beccaria ali mwana wa zaka 2. Ndipo katswiri wa mbiri ya malamulo, John Langbein, anaonetsa m'buku lace la 1977 kuti kale lomwe oweruza anali atapeza njira ina: posowa mboni ziwiri, analeka kufuna imfa, nayamba kutumiza munthu kukapalasa ngalawa za boma kapena kukagwira nchito yakalavula gaga, potsata zizindikiro zokha. Pamene kubvomera kunaleka kufunika, cingwe cinatsala copanda nchito. Mtengowo unali utadyedwa kale ndi ciswe. Beccaria anadza ndi nkhwangwa yakuthwa, ndi anthu anamva kugwa kwace.

Tsopano tifike pamene ife tisiyana naye, ndipo ndi pa mutu womwewo umene ambiri amtama nao koposa, wa cilango ca imfa. Zifukwa zace ziwiri nzolimba. Anena kuti palibe munthu, popereka kagawo ka ufulu wace, anapatsa anzace mphamvu yakumupha. Ndi kuti boma lakupha pabwalo, pamaso pa khamu, liphunzitsa anthu nkhanza imene lifuna kuiletsa. Koma adziwa kuti mafumu sadzamvera zimenezi zokha, cifukwa cace abwerera ku masamu ace. Imfa, atero, ioopsa kwa kanthawi, nithera pomwepo, ndi khamu libalalika liiwale. Cimene cikhalitsa m'mtima ndico kuona munthu tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka, atasanduka nyama yakusenza katundu, alikulipa mtundu wace ndi thukuta. M'malo mwa imfa, iye afuna ukapolo wa moyo wonse. Ndipo sabisa kuti ululu wace wonse, ukasonkhanitsidwa, ungapose wa imfa. Autama cifukwa ca cimeneco.

Taonani cithunzi cimene cinaikidwa patsogolo pa kabukuka posindikizanso mu 1765, cojambulidwa monga iye mwini analamulira. Cilungamo ciri mkazi wokhala pa mpando. Wonyonga wa boma amtambasulira mitu ya anthu yodulidwa, ndipo iye aikankha ndi dzanja, natembenuza nkhope monyansidwa. Amene ayang'ana cithunzici mwacangu aona cifundo, ndipo cifundoco ciripodi. Koma tsatani maso a mkaziyo kumene apenya. Apenya pansi, pa mulu wa makasu, maceka ndi nyundo, zonse zokulungidwa m'maunyolo. Ndipo pamenepo nkhope yace ipumula. Wojambula sananama, anaika m'cithunzi cimodzi zonse zimene ziri m'kabukumo. Nzeru imene inakana mitu yodulidwa cifukwa iri yopanda phindu ndiyo yomweyo inakondwera ndi unyolo cifukwa uli ndi phindu.

Sitinena izi ngati ofuna kupeza banga pa nsaru yoyera; zinaoneka ndi maso. Joseph II, mfumu yaikuru ya ku Austria ndi mkuru wace wa Leopold uja, anacotsa cilango ca imfa pa mirandu yamasiku onse m'malamulo ace a 1787. M'malo mwace, ena a olakwa kwakukuru anawatumiza kukakoka ngalawa ndi zingwe motsutsana ndi madzi a mtsinje wa Danube, m'matope ndi m'madambo a ku Hungary, omangidwa usana ndi usiku. Oposa theka la iwo anafa m'zaka zowerengeka, ndipo Leopold atalowa ufumu mu 1790 analetsa cilangoco. M'mabuku a boma anthuwa sanaweruzidwa kufa. Ku France, sing'anga Guillotin anapempha mu 1789 kuti onse oweruzidwa kufa, wolemera ndi wosauka, afe imfa imodzi yofulumira, yopanda mazunzo. Ndipo mpeni wa makina unayamba nchito yace mu April 1792. Robespierre, amene mu May 1791 anaima m'nyumba ya malamulo kupempha kuti cilango ca imfa cithe, ndiye anakhala mmodzi wa atsogoleri m'zaka za 1793 ndi 1794, pamene anthu pafupifupi 17,000 anaweruzidwa kufa m'dzina la ubwino wa mtundu. Sitisenzetsa Beccaria mitembo imeneyi. Iye sanakoka ngalawa, sananola mpeni. Tingoti mpanda umene anamanga unali ndi mpata, ndi mpatawo ndiwo mau akuti phindu. Wolamulira ali yense adziwerengera yekha phindu la mtundu, ndipo kawirikawiri masamu ace amturukira monga afuna.

Cotidabwitsa ndi ici, kuti cifukwa cimene ife tiyesa colimba koposa zonse, cakuti bwalo likalakwa silikhoza kudzutsa amene lamupha, siciri pa mutu wa imfa m'kabuku ka 1764, ngakhale cipilala ca Mora cinali pafupi ndi kwao. Beccaria anafika pa ico atakula. Mu 1792, ali wanchito wa boma ku Milan, m'bungwe lokonza malamulo atsopano a dziko la Lombardy, anatsutsanso cilango ca imfa pamodzi ndi anzace awiri, nachula kuti umboni wa anthu sukhala wangwiro, ndi kuti imfa siibwezeka. Ambiri a m'bungwemo sanabvomerezana naye. Anamwalira mu November 1794.

Mau otsiriza pa nkhani ya wometa uja ananenedwa m'banja lomwelo. Pietro Verri anafukula mapepala a mlandu wa 1630, nalemba buku lotsutsa mazunzo, limene linasindikizidwa mu 1804, iye atafa. Kwa iye olakwa anali awiri, umbuli wa nyengo ija ndi lamulo loipa. Cotsani zimenezi, ndipo zotere sizidzacitikanso. Ndiwo mtima weniweni wa nyengo ya kuunika. Koma mwana wamkazi wa Beccaria, Giulia, anabala mwana mu 1785, Alessandro Manzoni, amene anakhala mlembi womveka wa nthano ku Italy. Iye anawerenganso mapepala omwewo, ndipo mu 1842 anaphatikiza mbiri ya cipilalaco kumapeto kwa nthano yace yaikuru, I promessi sposi. Manzoni anatsata oweruza a 1630 phazi ndi phazi, naonetsa kuti ngakhale pansi pa malamulo ao oipawo sanali okakamizidwa. Malamulo omwewo anafuna zizindikiro zokwanira munthu asanakwezedwe pa cingwe, ndipo iwo analibe. Analonjeza Piazza cipulumutso m'njira yosaloledwa, nalandira mau ace ngakhale anasemphana okha okha. Anakhoza kuona, koma sanafuna, pakuti khamu linali kunja kwa bwalo lirikupfuula, ndipo iwo anaopa khamulo koposa kukhetsa mwazi wosalakwa.

Ife tiyesa kuti mdzukulu anaona cimene agogo ace anacilambalala. Beccaria anakonza muyeso, ndipo anaukonza bwino. Za dzanja logwira muyesowo ananena pang'ono, pokhulupirira kuti lamulo lomveka lidzamanga woweruza ngati mbuzi pa cikhomo. Kabuku kace kawerengedwe pamodzi ndi mbiri ya Manzoni, pakuti kamodzi kopanda inzace kanena theka la mlandu.

Cipilala cija cinagwetsedwa mu 1778. Mwala wolembedwa umene unali pambali pace, wocenjeza nzika zabwino kuti zisayandikire malo a wometayo, anausunga m'linga lakale la mzindawo, Castello Sforzesco, ndi dzina la Mora liri cilembedwere pamenepo.